Kupatsirana kwa nsanja: muyeso weniweni wa intaneti ya pa foni mu Lilongwe

LILONGWE – Wogwira ntchito m'boma yemwe amanyamuka ku Area 14 m'mawa kulowera ku Capital Hill masiku ano sadikira kuti afike mu ofesi kuti ayambe ntchito. Ali m'galimoto pa msewu wa Presidential Way amakhala akuwerenga makalata a pa intaneti, kumvetsera msonkhano wa pa foni kapena kutumiza ndalama kumudzi. Pa ulendo waufupi umenewu foni yake imatha kusiya nsanja ina ndi kugwira ina kangapo konse, mwini wake osadziwa. Akazindikira, ndiye kuti china chake chalakwika: mawu aduka, chithunzi chaima, kapena uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita sunafike.

Kwa zaka zambiri, nkhani ya lamya za m'manja m'dziko muno yakhala ikuzungulira pa funso limodzi, lakuti kodi netiweki ikugwira kapena ayi. Funsoli likadali lofunika kwambiri m'madera akumidzi. Koma mu mzinda ngati wa Lilongwe, momwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito foni ali pa ulendo, funso lina lakula msinkhu: kodi netiwekiyo ikutha kuyenda limodzi ndi munthu osamutaya panjira? Yankho lake silili m'manja mwa makampani a foni okha. Mbali ina ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, oyang'anira misewu, opereka magetsi ndi maofesi a boma omwe amagula ntchito za intaneti.

Zomwe zimachitika foni ikamayenda

Nsanja iliyonse ya foni imatumikira dera lokhala ndi malire. Munthu akamatalikira nsanja imene wagwira, mphamvu ya mafunde ake imachepa, pomwe ya nsanja yakutsogolo imakula. Foni imakhala ikuyeza mphamvu ya nsanja zonse zoyandikana nazo nthawi ndi nthawi ndi kupereka lipoti ku netiweki. Netiweki ikaona kuti nsanja yakutsogolo yaposa imene foni yagwira, imayamba yakonza malo pa nsanja yatsopanoyo, kenaka ndi kulamula foni kuti isamuke. Akatswiri amatchula ntchito imeneyi kuti handover kapena handoff, ndipo m'Chichewa tingoti kupatsirana.

Zimafanana ndi anthu omwe andanda pamzere kupatsirana njerwa pa ntchito yachitukuko. Wopereka sataya njerwa mnzake asanatambasule manja, ndipo wolandira sangalandire ngati manja ake ali odzaza kale. Pakasowa munthu mmodzi pakati pa mzere, njerwa imagwa ngakhale ena onse ali amphamvu.

Pa netiweki ya 4G yomwe ili bwino, nthawi imene foni imakhala itasiya nsanja ina isanagwire inzake ndi yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, motero khutu la munthu silimva kanthu. Koma kuti izi zitheke, pamafunika zinthu zinayi. Choyamba, madera a nsanja ziwirizo ayenera kulowana pang'ono kuti pasakhale mpata. Chachiwiri, nsanja iliyonse iyenera kukhala ndi mndandanda wolondola wa nsanja zoyandikana nayo. Chachitatu, nsanja yolandira iyenera kukhala ndi malo, osati yodzaza kale ndi anthu ena. Chachinayi, nsanjazo ziyenera kulumikizana mwachangu kudzera pa nthambo za faiba kapena pa mafunde a microwave, kuti uthenga womwe udali panjira utsatire foni kumene yapita.

Nthawi yosamukira nayo ili ndi muyeso wake. Netiweki ikachedwa kulamula, foni imataya nsanja yakale isanagwire yatsopano, ndipo kulankhulana kumaduka. Ikafulumira kwambiri, foni imangodumphadumpha pakati pa nsanja ziwiri, kupita ndi kubwerera, zomwe zimachedwetsa intaneti ndi kutha batire. Nchifukwa chake mainjiniya amaika lamulo loti nsanja yatsopano ipose yakale ndi mlingo wakutiwakuti, komanso kwa kanthawi ndithu, foni isanasamutsidwe. Muyeso woyenera munthu woyenda pansi mu msika wa Old Town siwofanana ndi woyenera galimoto yothamanga pa msewu wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imatha kilomita imodzi pa mphindi iliyonse, ndipo m'tauni momwe nsanja zimayandikana, kukambirana kwa mphindi khumi kungathe kudutsa pa nsanja zingapo.

Mmene dziko lino lafikira pano

Lamya za m'manja zidalowa m'dziko muno kudzera ku kampani ya Telekom Networks Malawi, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. M'chaka cha 1999 kudabwera Celtel, yomwe idasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndipo kenaka Airtel mu 2010. Bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira ntchito zofalitsa mauthenga, lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la Communications Act la mu 1998, lomwe Nyumba ya Malamulo idalikonzanso mu 2016.

Netiweki yoyambayo, ya GSM kapena kuti 2G, idapangidwira kulankhula ndi kutumiza mauthenga aafupi. TNM idayambitsa 3G mu 2009 ndi 4G mu 2016, pomwe Airtel idakhazikitsa 4G mu 2018. M'chaka cha 2023 TNM idayamba kuyesa 5G m'malo owerengeka mu Lilongwe ndi Blantyre. Chofunika kudziwa nchakuti m'badwo watsopano ukabwera, wakale suchoka nthawi yomweyo. Mibadwo yonseyi imakhalira limodzi, nthawi zambiri pa nsanja imodzi, ndipo foni imayenera kusamuka osati kuchoka pa nsanja ina kupita pa ina kokha, komanso kuchoka pa m'badwo wina kupita pa unzake.

Apa ndi pamene pagona zina mwa zomwe anthu amadandaula. Netiweki ya 4G idapangidwira kunyamula intaneti. Ngati foni kapena netiweki ilibe njira yotchedwa VoLTE, yomwe imanyamula mawu pa 4G pomwepo, munthu akaimbiridwa foni yake imatsikira kaye ku 3G kapena 2G, ndipo imabwerera ku 4G akamaliza kulankhula. Nchifukwa chake ena amaona intaneti ikufooka akangoyankha foni. Kusamuka kulikonse kotere ndi mpata wina woti kulumikizana kuduke.

Phunziro lina lidachokera ku luso la WiMAX, lomwe makampani ena opereka intaneti m'mizinda ya dziko lino adaligwiritsapo ntchito. Mtundu wake wa mu 2004 udali wa malo okhazikika: kachipangizo kokhomedwa padenga la ofesi kamaloza nsanja imodzi ndipo sikasuntha. Mtundu wotha kutsatira munthu woyenda, wotchedwa IEEE 802.16e, udavomerezedwa mu 2005. Ngakhale zidali choncho, makampani akuluakulu a foni pa dziko lonse adasankha LTE, yomwe ndi 4G ya masiku ano, mwa zina chifukwa idali yosavuta kuilumikiza ndi netiweki za GSM ndi 3G zomwe adali nazo kale. Mwachidule, luso lomwe lidapambana ndi lomwe lidatha kupatsirana bwino ndi anzake.

Mamangidwe a Lilongwe

Mzinda wa Lilongwe udakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, ndipo omwe adajambula mapulani ake adaumanga motayana. Old Town ili payokha, City Centre ndi Capital Hill zili pazokha, ndipo pakati pake pali nkhalango yotetezedwa ndi chigwa cha mtsinje wa Lingadzi. Madera a nyumba zotalikirana monga Area 10, 11, 12, 14 ndi 43 ali ndi mapoloti akuluakulu, mitengo italiitali ndi mipanda ya njerwa. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mu mzindawu mudali anthu pafupifupi 990,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana monga Area 25, Kawale, Chinsapo ndi Area 36.

Mamangidwe otere ali ndi zotsatira zake pa netiweki. Kampani imamanga nsanja pomwe pali makasitomala ambiri, koma munthu woyenda amadutsanso m'malo momwe simukhala anthu. Mafunde nawo sayenda mofanana. A mlingo wotsika, monga 800 kapena 900 MHz, amafika patali ndipo amalowa bwino m'nyumba, koma malo ake ndi ochepa. A mlingo wokwera, monga 1800, 2100 kapena 2600 MHz, amanyamula zambiri koma safika patali ndipo amafooka msanga akakumana ndi makoma kapena masamba a mitengo, makamaka m'nyengo ya dzinja pomwe mitengo imakhala itaphukira. Malo omwe netiweki imagwira bwino m'mwezi wa Okutobala angathe kukhala ovuta mu Febuluwale.

Area 14 ndi chitsanzo chabwino cha kusintha komwe kukuchitika. Dera lomwe ambiri amalidziwa ngati la nyumba zogona tsopano lili ndi maofesi ambiri, kuphatikizapo likulu la Malawi Red Cross Society ndi la bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Mabungwe oterewa amagwira ntchito ndi anthu omwe amakhala pa msewu nthawi zambiri, ndipo pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, foni yomwe yaduka pakati pa malangizo sinkhani yaing'ono. Chiwerengero cha mafoni m'dera lotere chimakwera masana ndi kutsika madzulo, pomwe kumadera othithikana zimakhala zosiyana. M'mawa ndi madzulo, pomwe magalimoto amathithikana pa mphambano ya Area 18 kapena pa milatho ya ku Old Town, mafoni mazanamazana amafuna malo pa nsanja imodzi nthawi imodzi. Nsanjayo ikadzaza, foni yomwe ikubwera kumbuyo imakanidwa, ngakhale mwini wake akuona timizere tonse ta netiweki tili chilili.

Magetsi, nthambo ndi ndalama zakunja

Nsanja imodzi ikazima, vuto silikhala la anthu okhala pafupi nayo okha. Pamakhala mpata pa mzere wopatsirana uja, ndipo nsanja zoyandikana nayo zimasenza katundu woposa muyeso wake. Nchifukwa chake nkhani ya magetsi ndi nkhani ya netiweki. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo nsanja zambiri zidadalira mabatire ndi majenereta. Majeneretawo amafuna dizilo, yemwe naye wakhala akusowa nthawi zina. Kuba mabatire, mafuta ndi nthambo pa nsanja kumaonjezera vutoli.

Zipangizo pafupifupi zonse za pa nsanja zimagulidwa kunja. Ndalama ya kwacha itatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womangira nsanja yatsopano udakwera kwambiri ukawerengedwa m'makwacha. Izi zikupangitsa kuti kugawana nsanja kukhale kofunika kuposa kale. M'chaka cha 2022 kampani ya Helios Towers idamaliza kugula nsanja zoposa 700 za Airtel m'dziko muno. Kampani yomwe ntchito yake ndi kubwereketsa nsanja imapindula pamene makampani angapo aika zipangizo zawo pa nsanja imodzi, ndipo zimenezi zingathandize kutseka mipata popanda kudzaza mzinda ndi zitsulo.

Kumbali ya nthambo, boma lidayala faiba yolumikiza maboma osiyanasiyana kudzera pa mapolo a ESCOM, ndipo gawo loyamba la ntchitoyi lidatha mu 2018. M'chaka cha 2017 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse idavomereza ndalama zokwana $72.4 miliyoni za ntchito ya Digital Malawi, yomwe mwa zina idali yolumikiza maofesi a boma ku intaneti yamphamvu. Koma nthambo za mkati mwa mzinda zimadutsa m'mbali mwa misewu, ndipo pa nthawi yomwe misewu ikuluikulu ya mu Lilongwe yakhala ikukulitsidwa, nthambo yosalembedwa bwino pa mapu imakhala pa chiopsezo chodulidwa ndi makina okumba. Nthambo imodzi ikaduka, nsanja zonse zomwe zimadalira iyo zimakhudzidwa, pokhapokha patakhala njira ina yodzera.

Kuchokera mu 2023 anthu ena ndi maofesi akugwiritsa ntchito intaneti ya pa setilaiti ya Starlink. Nayonso imadalira kupatsirana, kungoti kumeneko chomwe chimayenda ndi setilaiti, pomwe mbale yolandirira imakhala padenga. Njirayi ndi yothandiza ku maofesi ndi kumadera akutali, koma siilowa m'malo mwa nsanja kwa munthu wamba yemwe ali m'minibasi ndi foni yake m'manja.

M'maofesi a boma momwemo

Kupatsirana sikuchitika pa msewu pokha. Wogwira ntchito akachoka mu ofesi yake pa Capital Hill kupita ku msonkhano m'nyumba ya unduna wina, laputopu kapena foni yake imayenera kusiya Wi-Fi ina ndi kugwira ina. Ngati ofesi iliyonse idagula kachipangizo kake, kokhala ndi dzina ndi nambala yachinsinsi yakeyake, munthuyo amayamba kulowa mwatsopano pa khomo lililonse, ndipo ntchito yomwe amachita imaduka. Chonsecho njira yosamukira mwachangu pakati pa zipangizo za Wi-Fi, yotchedwa IEEE 802.11r, idavomerezedwa kale mu 2008. Masukulu aukachenjede m'maiko ambiri ali ndi dongosolo la eduroam, lomwe limalola wophunzira kulowa pa intaneti ya sukulu ina ndi dzina lake lomwelo. Palibe chomwe chingaletse netiweki ya boma ya GWAN kutsata nzeru yomweyi, kuti wogwira ntchito m'boma akhale ndi dzina limodzi lolowera kuyambira ku Capital Hill mpaka ku ofesi ya bwanamkubwa. Chomwe chimafunika ndi kugula zipangizo mogwirizana, osati ofesi iliyonse payokha.

Zomwe adindo angachite

Ntchito yoyamba ndi kuyeza zoyenera. Mabungwe ambiri oyang'anira za mauthenga amalamula kuti mafoni oduka okha asapose awiri pa 100 aliwonse, ndipo MACRA nayo imatulutsa malipoti a mmene makampani akugwirira ntchito. Koma chiwerengero cha dziko lonse chimatha kuoneka bwino pomwe pali malo amodzi pa msewu wofunika pamene foni imaduka tsiku ndi tsiku. Kuyeza koyenda ndi galimoto m'misewu yodziwika, monga wochoka ku Old Town kupita ku City Centre, wa Presidential Way, wopita ku chipatala cha Kamuzu Central ndi wa M1 wopita ku bwalo la ndege, m'mawa ndi madzulo, kungaonetse mipata imene chiwerengero chachikulucho chimabisa. Zotsatira zake zitamasindikizidwa msewu ndi msewu, aliyense angadziwe pomwe pakufunika kukonza.

Yachiwiri ndi ya khonsolo ndi komiti yoona za mapulani a mzinda. M'madera a nyumba zotalikirana, pempho lomanga nsanja nthawi zina limakumana ndi madandaulo a eni nyumba okhudza maonekedwe a dera komanso mantha pa zaumoyo. Madandaulowa ayenera kumvedwa ndi kuyankhidwa ndi mfundo zoona, koma walira mvula walira matope: dera silingakane nsanja kwinaku likufuna netiweki yosaduka. Malamulo omveka bwino a malo omwe nsanja ingamangidwe, nthawi yoikika yoyankhira pempho, ndi kulola tizipangizo ting'onoting'ono pa madenga a nyumba za boma ndi pa mapolo a magetsi a mumsewu, zingachepetse mkanganowu.

Yachitatu ndi ya oyang'anira misewu. Msewu uliwonse watsopano uyenera kukhala ndi mapaipi odutsamo nthambo, oikidwa pa nthawi yomanga, omwe makampani onse angagwiritse ntchito. Kukumba kamodzi ndi kotchipa kuposa kuphwanya phula pambuyo pake. Pakufunikanso mapu amodzi oonetsa pomwe padutsa nthambo za faiba, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, omwe kontilakitala aliyense ayenera kuwaona asanayambe kukumba.

Yachinayi ndi kagawidwe ka mafunde. Kusamuka kwa wailesi za kanema kupita ku dijito kudamasula mafunde a mlingo wotsika omwe ndi abwino kwambiri potseka mipata pakati pa nsanja. Kagawidwe kake, mitengo ya ziphaso ndi zomwe kampani iyenera kukwaniritsa ikalandira mafundewo, zonsezi zili m'manja mwa boma. Thumba la Universal Service Fund, lomwe lidabwera ndi lamulo la mu 2016, lingathandizenso m'misewu italiitali yolumikiza maboma, momwe kampani payokha siiona phindu.

Yachisanu ndi ya omwe amakonza mapulogalamu a boma a pa intaneti. Ngakhale netiweki itakhala yabwino bwanji, kuduka kwa apo ndi apo sikungatheretu. Pulogalamu yolembetsera chiphaso, yolipirira msonkho kapena yotumizira malipoti a zaumoyo iyenera kusunga zomwe munthu walemba ndi kupitiriza pomwe idalekezera netiweki ikabwerera, osati kumuuza kuti ayambirenso. Mfundo imeneyi iyenera kulembedwa m'mapangano ogulira mapulogalamuwo.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika luso lamakono pakati pa zinthu zothandiza kuti dziko lino litukuke. Kuchokera pomwe Airtel Money idayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, foni yasanduka banki, sitolo ndi ofesi ya anthu ochuluka. Mlimi yemwe akudikira uthenga wa zipangizo zaulimi, namwino yemwe ali mu ambulasi ndi wapolisi yemwe ali pa msewu, onse amadalira kuti nsanja ina ipereke foni yawo kwa inzake popanda kuigwetsa. Mutu umodzi susenza denga: makampani a foni ali ndi udindo wokonza netiweki zawo, koma chilolezo cha malo, magetsi, misewu ndi mafunde zimadutsa pa madesiki a ogwira ntchito m'boma. Mmene mafayilo amenewo akuyendera pa Capital Hill ndi ku Civic Centre ndi zomwe zidzaonetse ngati munthu wochoka ku Area 14 angafike ku Old Town foni yake isanaduke.